Kuseli kwa wall fence: kodi a ku mayadi amagona tulo?



Anandipempha kuti ndikambe pa nkhani ya chitetezo. Ndidziwa kuti ambili muyembekeza kuti ndiyambe ndi ma junkies a pa station, kapena foni imene anakutsomphola mu Lumumba Road. Tizafikako. Koma lekani ndiyambile ku mayadi, mkati mwa ma estate aja a geti imodzi, kumene ambili a ife timangoona mpanda tili mu basi. Ine ndinalowamo, ndipo zimene ndinaona zikhudza inu amene mugona ku Mtendere, ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Ng'ombe.

Nditatsiliza diploma yanga ya zamagetsi, nchito sinapezeke, monga mmene zilili kwa ambili pano. Kwa zaka ziwili ndinali kugwila piece work ndi kakampani kena koika electric fence, ma kamera ndi mamota otsegula geti. Nchito imeneyo inandilowetsa mu nyumba zimene ine mwana wa mu komboni sindikanapondamo. Mukayenda mu Leopards Hill Road, ku Ibex Hill, ku State Lodge, ku Roma Park, kapena kutsata Great East Road mpaka ku Silverest, mudzaona mmene Lusaka wa anthu a ndalama akulila: mpanda umodzi wautali, geti imodzi, nyumba zambili mkati.

Kulowa kwake kuli so. Mufika pa geti 07 hours. Amalonda akufunsani kumene mupita. Mulemba dzina, nambala ya foni ndi nambala ya reji mu buku. Kwina reji yeniyeniyo muisiya pa geti. Atumila mwini nyumba kuti avomeleze. Potuluka atsegula chola chanu. Koma wobwela ndi motoka yabwino amangokweza dzanja, chitsulo chakwela, wapita. Mzele wa pa geti ndi wa oyenda pansi chabe: anchito a m'nyumba, a mu garden, omanga, ndi ife a mawaya.

Mkati, ndisakunamizeni, ndi mwabwino. Msewu wa tala ulibe dzenje. Malaiti a sola ayaka usiku wonse. Mu October, dzuwa litapsa, kapinga ali wobiliwila chifukwa nyumba iliyonse ili ndi borehole ndi thanki. ZESCO ikazimya malaiti, genset kapena inverter yayamba, mwana sadziwa ndi kudziwa kuti kuli load shedding. Ana ang'ono achova njinga pamsewu popanda wowaopseza. Zinyalala zitengedwa pa tsiku lake. Okhalamo amalipila ndalama mwezi ulionse kuti zonsezi zichitike. Ine nditaona ana aja, mtima sunandipweteke chifukwa cha nsanje. Ndinaganiza chabe kuti mwana aliyense wa mu Zambia afunika kusewela motelo. Chimene iwo agula ndi ndalama zambili ndi chinthu wamba: msewu, laiti, manzi, ndi munthu wobwela ukaitana.

Manje mvelani chimene chinandidabwitsa. Ndinali kuganiza kuti munthu wokhala mmenemo amagona monga khanda. Tiyeni tiwelenge zimene ndinapeza pa nyumba imodzi. Mpanda wa estate yonse. Pamwamba pake electric fence. Pa geti amalonda usana ndi usiku. Mukalowa, nyumbayo ili ndi wall fence yakeyake, pamwamba waya wa malezala. Agalu awili. Mawindo onse burglar bar. Mkati mwa nyumba, pa passage yopita ku zipinda zogona, chitseko china cha chitsulo chimene amakhoma 21 hours. Pambali pa bedi panic button yoitana motoka ya kampani ya security. Mipanda yonseyo ilipo, koma ife anatiitana kuti tiwonjeze ma kamera ena anai. Ba madam anandiuza okha kuti galu akauwa usiku, amauka, atenga foni, ayang'ana ma kamera mpaka kucha.

Pa estate iliyonse pali gulu la WhatsApp. Tsiku lina ba madam ena anandionetsa foni yawo akuseka, ati "Ona, si iwe uyu?" Chinali chithunzi changa. Munthu wina anandikopa ndili kuyenda m'mbali mwa mpanda, chola cha ma spanner kumsana, ndikuyang'ana mawaya kumwamba. Pansi pake analemba mu Chizungu kuti pali mnyamata wokayikitsa, aliyense akhome geti. Anthu oposa khumi anali atayankha kale, wina ati itanani security. Ine amene ndinabwela kudzakonza mpanda wawo ndinakhala kawalala wa tsiku limenelo. Ba madam anaseka, ine ndinasekako kuti nchito isathe, koma usiku umenewo sindinagone bwino. Ndinadzifunsa kuti, chikanakhala kuti amene anabwela si ba madam ndi foni koma munthu wa mfuti, ndani akanakamba kuti ndine ndani?

Apa ndi pamene ndinaphunzila kuti chitetezo ndi mantha ndi vinthu viwili vosiyana. Mpanda ungachepetse akawalala, zoona. Koma mantha sautha. Munthu amene sadziwa dzina la neba wake, amene saponda pansi kuchoka pa geti mpaka ku mall, amene nkhani zonse za kunja amazimva pa foni, aliyense woyenda pansi amamuona monga mdani. Ife mu komboni tili ndi mavuto athu, koma mukakuwa usiku kuti "kawalala!", zitseko zitseguka. Kuja mukakuwa, mau anu athela pa mpanda.

Lekani ndikuuzeni chinsinsi cha nchito yathu. Electric fence imayenda ndi kabokosi kochedwa energizer. Kamatumiza magetsi amphamvu pafupifupi kamodzi pa sekondi, okwana kukugwetsa koma osati kukupha, ndipo waya ukadulidwa kapena kukhudzana ndi unzake, siren ilila. Malaiti akapita, kamadalila batile yaing'ono. Mu 2024, chilala chitauma manzi ku Kariba, mukumbukila kuti masiku ena malaiti anali kubwela maola atatu chabe. Batile yaing'ono ija siikwanitsa kudzaza mu maola atatu, ndipo ikatsika kangapo imafelatu. Ndinapeza mipanda yambili ili zii, mwini wake osadziwa. Kwina nthambi ya mtengo inali kulizitsa siren usiku ulionse mpaka eni ake anatopa nazimitsa okha. Anthu anali kugona kuseli kwa waya wozizila, mtima uli m'malo. Ena mpanda uli bwinobwino, tulo kulibe. Mwaona? Chimene munthu amva mumtima ndi chimene chilipo zoona sizimayendela pamodzi nthawi zonse.

Manje funso: ndani amene alonda mayadi? Yang'anani mmene Lusaka anakhalila. Pafupi ndi Kabulonga ndi Ibex Hill pali Mtendere ndi Kalikiliki. Mu Leopards Hill Road muli Bauleni. Pafupi ndi Roma pali Ng'ombe. Pafupi ndi Avondale pali Chainda. M'mawa uliwonse 05 hours anthu atuluka mu makomboni amenewa ndi miyendo kupita kukaphika, kuchapa, kulela ana ndi kulonda. Amalume anga ndi mmodzi wa iwo. Alowa 18 hours, atuluka 06 hours, m'manja ndodo ndi tochi. Chaka china akawalala anathyola nyumba yawo ya zipinda ziwili usiku, natenga TV, mapoto ndi bulangeti, ana ali mkati akunjenjemela. Nthawi imeneyo amalume anali mu kanyumba ka pa geti, kulonda mamotoka a munthu wina. Kwawo kunalibe button yotinika. Azakhali anapita ku police post kutacha, anauzidwa kuti motoka ilibe mafuta.

Ndipo chinthu chikasowa mkati mwa estate, laptop kapena ndalama, oyamba kutengedwa ndani? Wanchito wa m'nyumba, wa mu garden, ndi amalonda. Sindikamba kuti wanchito sangabe. Zimachitika, ndipo kuba ndi kuba. Koma taganizani. Mu January 2024, malipilo otsika a wanchito wa m'nyumba, mwa lamulo, anaikidwa pa K1,300 pa mwezi. Chaka chomwecho a JCTR anawelenga kuti banja la anthu asanu mu Lusaka lifunika ndalama zoposa K10,000 pa mwezi kuti lipeze zofunika chabe. Munthu amene mwamupatsa makiyi a nyumba yanu, amene anyamula mwana wanu kumsana, mumulipila ndalama yochepa kuposa chakudya cha agalu anu, ndiye mudabwa kuti simumukhulupilila. Mumuopa chifukwa mudziwa mumtima mwanu kuti simunamuchitile chilungamo.

Nkhani ya geti ndi buku si yatsopano mu mzinda uno. Mu 1931 atsamunda anaitana Professor Stanley Adshead kudzajambula mapulani a likulu latsopano, ndipo mu 1935 likulu linachoka ku Livingstone kubwela kuno. Pa Ridgeway anaikapo maofesi ndi nyumba za azungu, mayadi aakulu ndi mitengo. Munthu wakuda anali kuonedwa monga mlendo wobwela kudzagwila nchito, wofunika kuyenda ndi chitupa. Amene analibe malo mu Kabwata kapena Kamwala anamanga pa mafamu ndi migodi ya miyala ya azungu. Ndiye chifukwa mpaka lelo makomboni athu ali ndi maina monga George, John Laing, John Howard ndi Marrapodi. Mu 1961, nthawi ya Cha Cha Cha, ambuye athu anatentha zitupa pamoto. Lelo mdzukulu wawo aimilila pa geti, atulutsa reji, kuti aloledwe kukatsuka mbale. Khungu la mwini nyumba lasintha, koma mzele wa pa geti ukali womwewo. Ndipo anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse mu Lusaka akali kukhala mu makomboni amene sanapimidwe bwino.

Kwa inu a ku mayadi amene muwelenga izi, chifukwa ndidziwa kuti ena muwelenga mwakachetechete, sindinabwele kudzakunyozani. Ambili a inu munakulila mu Matero ndi mu Chilenje. Ena munathyoledwapo nyumba, munaona mfuti pamaso pa ana anu. Mantha anu sanachokele pa chabe. Ngakhale ife mu komboni, munthu akapeza kandalama, choyamba ndi wall fence ndi mabotolo ophwanya pamwamba. Ine amene ndikamba pano, nditapeza ndalama mawa, mwina ndingagule njelwa. Koma ndifuna muone zimene mpanda sungaletse.

Choyamba, manzi. Lusaka anakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, ndipo manzi apansi amayenda mwamsanga kuchoka kwina kupita kwina. Nyumba zambili zatsopano za ku mayadi sizinalumikizidwe ku mapaipi a sewer. Zili ndi septic tank ndi soakaway, borehole ili pa yadi yomweyo kapena ya neba. Zimbudzi zokumba za mu komboni nazo zitsikila pansi pomwepo. Pansi pa nthaka palibe geti. Kuwonjeza apo, Forest 27 kum'mawa kwa mzinda, kumene mvula imalowela pansi ndi kumene mtsinje wa Chalimbana uyambila, inayamba kudulidwa mapuloti kuyambila mu 2017, ndipo amene anapata malo kumeneko si anthu a ku Kalikiliki. Kumanga nyumba yotetezeka pamwamba pa chitsime cha mzinda wonse, chimenecho tichiche chitetezo?

Chachiwili, matenda. Cholera ya 2017 mpaka 2018 inatseka misika ndi kubweletsa asilikali mu town. Ya 2023 mpaka 2024 inapha anthu oposa 700 m'dziko lino, Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu amene anafunika kutsegula mu January anatsegula pa 12 February. Amene anafa ambili anali athu, a mu makomboni osefukila manzi. Koma mayadi sanapulumuke mantha. Mai wophika chakudya chanu achokela kumene kulibe manzi abwino. Amalonda angamusechele chola, koma sangaone chimene chili m'mimba.

Chachitatu, chipwilikiti. Kumbukilani gassing ya kuchiyambi kwa 2020. Inayambila ku Chingola, inafika mu Lusaka. Usiku anthu sanali kugona, magulu anatseka misewu, kuimitsa mamotoka, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu pongowaganizila. Masiku amenewo motoka yabwino ndi nkhope yachilendo zinali ngozi. Mpanda umakusunga uli mkati, koma mawa uyenela kutuluka, ndipo msewu ndi wa tonse.

Chachinai, chimene chili mkati mwa nyumba momwemo. Apolisi analandila milandu ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi yoposa 40,000 mu 2023, ndipo imeneyo ndi imene inafika pa desiki chabe. Nkhanza sizisankha komboni kapena mayadi. Mu komboni mzimai akalila, aneba amva, agogoda. Kuseli kwa mipanda iwili ndi chitseko cha chitsulo cha pa passage, ndani amva? Mtsikana wanchito wochokela kumudzi, wogona momwemo, amene sangatuluke pa geti popanda chilolezo, athawila kuti?

Manje tifike pa ife, chifukwa wina angafunse kuti, "Nanga ise vitikhudza bwanji? Ni ndalama zao." Zitikhudza motele. Anthu amene amalemba budget, amene amasaina ma contract, akuluakulu a boma ndi a makampani, ambili agona kuseli kwa mageti amenewa. Zinali chomwecho mu maboma apita, zili chomwecho lelo. Munthu amene ali ndi borehole samva kuwawa kwa pompi youma. Amene ali ndi sola sadziwa mdima wa mu kanjila ka ku Kanyama 20 hours. Amene ali ndi panic button sanauzidwepo kuti motoka ya polisi ilibe mafuta. Aliyense wa mphamvu akadzigulila boma lake laling'ono mkati mwa mpanda, boma lalikulu la tonse limatsala lopanda wolilondola. Ma kamera a Safe City mwawaona pa misewu ikuluikulu. Koma mlongo wanu wochoka ku nchito ya mu shopu usiku, akatsika basi, tunjila tumene apitamo tulibe ngakhale babu imodzi. Ma junkies amene amudikila pa kona sanagwe kumwamba. Ndi ang'ono athu amene anasiya sukulu, alibe nchito, ndipo malo owathandiza kuleka mankhwala ndi ochepa ndi odula.

Choncho zimene tifuna ndi izi, ndipo si zinthu za kumwamba.

Malaiti a sola mu njila za mu komboni, kuyambila pa ma station, pa misika ndi pa njila za ku sukulu ndi ku kiliniki. Police post iliyonse ikhale ndi motoka yoyenda, mafuta, ndi nambala ya foni imene iyankhidwa usiku. CDF inafika K30.6 million pa constituency mu 2024. Ndalama imeneyo si mphatso ya munthu, ndi misonkho yanu. Pitani ku Ward Development Committee ya kwanu, funsani tsiku la msonkhano, lembani pempho la malaiti ndi ngalande, sungani kope yake, ndipo mubwelele kukafunsa pamene lafika.

Tifuna kuti a Labour aziyendela makampani a security ndi kuona ngati amalonda alandila malipilo a lamulo, pa nthawi yake, ndi tsiku lopumula. Tifuna kuti wanchito wa m'nyumba akhale ndi pangano lolembedwa ndi NAPSA yake, ndipo asatsekeledwe mu cell chifukwa chabe abwana amuganizila. Tifuna kuti council isavomeleze estate yatsopano popanda njila yabwino ya sewer, ndipo isalole mpanda kutseka njila imene anthu akhala akupitamo kuchokela kale, mpaka mai wopita ku nchito azungulile ola lathunthu. Malo osunga manzi a mzinda asakhale mapuloti a anthu odziwana.

Ndipo ife achinyamata tili ndi mbali yathu. Musagule foni ya kuba. Foni ya K300 imene mudziwa kuti mtengo wake ndi K3,000 ili ndi misozi ya munthu, ndipo mukaigula mwatuma kawalala kuti akabe ina. Mukagwila kawalala, mupelekeni ku polisi ali moyo. Tayala ndi petulo si chilungamo, ndipo mu 2020 tinaona anthu osalakwa akufa chifukwa cha mphekesela. Wina anandikopa chithunzi nandiyesa kawalala popanda kundifunsa dzina. Ife tisachite chomwecho kwa mlendo wolowa mu komboni mwathu. Lowani mu neighbourhood watch ya kwanu, mugwile nchito pamodzi ndi apolisi, osati monga kagulu kolipilitsa anthu pa njila. Ndipo munthu aliyense wa ndale, wa chipani chilichonse, akakupatsani mowa ndi chikwanje, mufunseni kumene ana ake agona usiku umenewo.

Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimile, mawa adzazima zako. Inu a ku mayadi, yambani ndi chinthu chaching'ono. Dziwani dzina la amalonda a pa geti yanu, ndi kumene agona. Afunseni ngati kwawo kuli laiti panja. Ndalama imene mufuna kugulila kamera yachisanu, ganizani ngati siingagule tulo tabwino mukaiika pa malipilo a amene akusungani. Ndipo mukakhala pa mipando imene imagamula za mzinda uno, kambani za police post ya ku Bauleni monga kuti ndi imene mudzaitana usiku uno.

Amalume anga alowa nchito 18 hours lelo, monga masiku onse. Azakhali adzakhoma chitseko ndi kakiyi kaja, adzatsamiza mpando, ana adzagona. Chimene ndipempha ndi chakuti akakuwa usiku, pakhale wobwela.

 Lembani pansi apa dzina la komboni yanu ndi njila imene muopa kupitamo usiku. Tidzazisonkhanitsa, ward ndi ward, ndi kupita nazo kwa makhansala.